Felesiya ndi Seva Yozima Yokha

Felesiya Makwinja anabadwira pa esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu, m'kanyumba ka udzu ka mumzere wa matenanti. Makolo ake anachokera ku Phalombe akadali ndi mphamvu, atamva kuti ku Lilongwe kuli minda yosowa manja. Ankati akhala nyengo imodzi yokha, koma nyengoyo inabala inzake, inzakeyo inabala ina, mpaka bambo ake anaikidwa konko, kumalire a manda a eni dera kumene amagonekako alendo. Felesiya anakula akusoka fodya m'chigafa, zala zili bii ndi utomoni wa masamba, ndipo kusukulu ankapitako mochita kuba nthawi. Koma mutu unali wabwino. Fomu 4 anakhoza, kungoti njira ya ku koleji inatsekeka imfa ya bambo ake itachitika.

Ntchito yake yoyamba inali m'kashopu kena pa Mitundu, kofotokopa mapepala ndi kutaipa makadi a chinkhoswe. Mwini kashopuko anali ndi makompyuta awiri okalamba, ndipo akafa ankangowamenya mbama n'kutuluka kukapsa mtima panja. Felesiya ndiye ankawatsegula ndi kampeni, kupemerera fumbi, kusuntha ichi ndi icho mpaka adzuke. Chidwicho chinamukoka mpaka anayamba kukwera minibasi Loweruka lililonse kukaphunzira zolumikiza makompyuta mutauni, ndipo anatulukako ndi satifiketi yomwe mayi ake anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuiika m'Baibulo. M'zaka zomwezo anakwatiwa ndi Gilibati, mwamuna wosalankhulalankhula yemwe ankanyamula anthu pa njinga yamoto, ndipo anabereka mwana wamkazi, Tadala.

Mwayi unamupeza pa Nathenje. Kumeneko kunali kopaletivi ya alimi a mtedza yomwe bungwe lina lakunja linaipatsa makompyuta, sikelo yamagetsi ndi seva. Anthu akamufunsa kuti seva n'chiyani, Felesiya ankati ndi nkhokwe: zonse zimasungidwa mmenemo, ndipo makompyuta ena onse a muofesi amangotapamo ndi kuthiramo kudzera m'mawaya. Linali bokosi lakuda lalitali ngati mwana wazaka zitatu, ndipo linkakhala likung'ung'udza m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa nyumba yosungiramo matumba. Kopaletiviyo inali pa mgwirizano ndi kampani ina yotumiza mtedza kunja, yomwe inkagula pamtengo woposa wa mavenda. Koma kampaniyo inali ndi lamulo lake: thumba lililonse lizidziwika mwini wake, munda womwe lachokera, ndiponso ngati linayezedwa kuti lilibe chuku. Zonsezo zinkakhala mu seva. Felesiya analembedwa ntchito yoisamalira. Anapeza kachipinda ka lendi pa Nathenje, ndipo ku Mitundu ankapitako Loweruka madzulo, Gilibati akabwera kudzamutenga pamsewu wafumbi wodutsa m'midzi.

Amene anaika seva ija anali Calvin, katswiri wa mutauni yemwe bungwe lija linamupatsa kontirakiti. M'masiku oyambirira Felesiya anaona timawu tating'ono pakona ya sikirini, tonena za nthawi yotsala, ndipo anamufunsa.

"Zimenezo zisiyeni, sisi," anatero Calvin akuseka. "Ndi za ife zimenezo. Inu muzingoona kuti fumbi lisalowe."

Felesiya anali watsopano pantchito ndipo Calvin ankabwera pagalimoto ya bungwe, choncho anazisiyadi. Miyezi ikapita Calvin ankabwera, kutaipa timawu tingapo, timawu ta pakona tija n'kubwerera m'mbuyo. Kenako ntchito ya bungwe inatha, galimoto zawo zinasiya kuoneka, nayenso Calvin anazimiririka. Felesiya anakumbutsa manijala, bambo Kamwaza, kuti nkhani ya pakona ija ifunsidwe, koma iwo anati chinthu chikamayenda usamachipute.

Tsoka linafika m'nyengo yogula, mphepo ya chisanu ikuwomba fumbi m'maso. Tsiku limenelo mzere unayambira pakhomo la ofesi mpaka kutsala pang'ono kufika pamsewu waukulu: ngolo, njinga zakapalasa zolemedwa mpaka matayala kuphwa, amayi osenza matumba pamutu. Pa sikelo panali matumba a bambo Fanuel, mkulu wa kumidzi ya cha ku Diamphwe yemwe anali m'gulu la oyambitsa kopaletiviyo. Kalaliki anangofuula kuti, "Netiweki yapita!"

Felesiya anathamangira kukachipinda kaja akuganiza kuti ndi magetsi. Magetsi analipo. Babu linkayaka, koma seva inali zii. Anaidzutsa, inang'ung'udza, ntchito inapitirira. Patangotha ola inazimanso. Anasintha chingwe, anayang'ana batire, anakhudza bokosilo kumva ngati latentha. Panalibe cholakwika. Itazima kachitatu anakhala pansi n'kuwerenga timawu ta pakona tija mofatsa, kenako anafufuza pafoni yake.

Pulogalamu yaikulu yoyendetsa seva, yomwe imadzutsa makinawo ndi kulola makompyuta ena kulowamo, sinali yogula. Inali yongolawitsa, ija eni ake amapereka kuti munthu ayeserere kwa kanthawi asanagule laisensi. Calvin akabwera ankangotalikitsa nthawi yolawayo, ndipo tsopano potalikitsira panatha. Eni pulogalamuyo anaipanga mwakuti nthawi ikatha, seva izizima yokha ola lililonse mpaka laisensi yeniyeni italowetsedwa.

Bambo Kamwaza anamvetsera akugwedeza mwendo. Anali munthu wa mawu okoma pamsonkhano, koma vuto likafika ankayamba wafufuza pothawira.

"Ndiye tigule laisensiyo, basi. Chovuta n'chiyani?"

Felesiya anaimbira kampani ina yovomerezeka mutauni, foni ili poyera kuti bwana amve okha. Mayi woyankhayo anafotokoza mwaulemu kuti laisensi si imodzi: pali ya seva, ndiye palinso ya kompyuta iliyonse yomwe imalowa mu sevayo. Mtengo anautchula m'madola, ndipo mwendo wa bambo Kamwaza unasiya kugwedezeka. Anawonjezera kuti ngakhale akanalipira tsiku lomwelo, katunduyo amachita kuitanitsa kunja, ndipo madola ku mabanki anali osowa. Mwina masabata, mwina miyezi, sakanatha kulonjeza.

"Mtedza udikira madola?" anafunsa bambo Kamwaza foni itadulidwa. "Alimi awa adikira madola? Felesiya, tinakulemba kuti makina aziyenda. Uone chochita."

Chochita chomwe anapeza chinali chozunza. Anatchera belu pafoni yake kuti lizilira ola lisanakwane. Likalira ankatulukira pakhomo n'kufuula, "Sungani! Sungani zonse!" Makalaliki akasunga, iye ankaizimitsa yekha seva mwadongosolo n'kuidzutsanso, kuti iyambirenso kuwerenga ola lina. Koma bokosilo linkachedwa kudzuka ngati nkhalamba, ndipo nthawi yonseyo sikelo inkaima, mzere n'kumakula. Iye sankapita kukadya. Ngakhale kuchimbudzi ankapitako akuthamanga, foni ili m'manja. Kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mango, mavenda anapachika masikelo awo. Sankaitana munthu. Ankangokhala pa matumba awo akudya nzimbe, podziwa kuti dzuwa likapendeka otopa awoloka okha. Ndipo ankawolokadi, mmodzimmodzi, nkhope zili pansi.

Nambala ya Calvin sinkapezeka. Lachisanu lina, mtedza utachepa chifukwa cha maliro m'mudzi woyandikana, Felesiya anakwera minibasi kukamusaka mutauni. Anafunsa m'mashopu a makompyuta, uyu n'kumulozera kwa uyo, mpaka anamupeza masana m'kashopu kogulitsa mafoni, atanenepa, akudya tchipisi.

"Achimwene, mwatipha," anatero Felesiya asanakhale n'komwe. "Munatiikira chongolawa, n'kutisiya."

"Ine ndakuphani bwanji, sisi? A bungwe anagula bokosi. Ndinawauza za laisensi, anati bajeti ya chaka chamawa. Chaka chamawacho anapakira katundu n'kupita. Ndikanatani? Ndikanakusiyirani bokosi lopanda kanthu?"

"Mukanatiuza."

"Bwana wanu ndinamuuza. Kamufunseni."

Anapukuta zala papepala, n'kutulutsa fulashi yofiira mukabati. Anaiika patebulo pakati pawo.

"Muli kapulogalamu umu. Mukakaika, seva iganiza kuti yalipiridwa, sizimanso. Theka la maofesi a mutauni muno akuyendera zomwezi."

"Chimenecho n'chakuba. Komanso mukudziwa kuti tinthu timeneti timabwera ndi zina zobisika."

"Nanga mukufuna chiyani? Ine ndilibe madola. Tengani, kaya mukataye mumtsinje wa Nathenje, zili kwa inu."

Anaitenga. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake dzanja linatambasuka, koma anaitenga, n'kuimanga pakona ya chitenje ngati ndalama ya kuchigayo.

Sabata imeneyo sanapite kunyumba, choncho Lamulungu atatuluka kutchalitchi Gilibati anabwera ndi Tadala, atamumangirira kutsogolo kwa njinga. Mwanayo anali mbuu ndi fumbi, ndipo ataona mayi ake anayamba wabisala kumbuyo kwa bambo ake asanawathamangire. Anakhala pamkeka panja pa kachipinda ka lendi, Felesiya akufotokoza zonse, fulashi ili pakati pawo.

"Amake Tadala, ine za makompyuta sindizidziwa," anatero Gilibati. "Koma ndikudziwa kuti ndikayenda wopanda laisensi, tsiku londigwira apolisi amene amakagona kupolisi ndine, osati amene ndamunyamula."

"Nanga alimi aja? Bambo a Tadala, mukanaona. Munthu walima chaka chonse, wakoka ngolo kuchokera kutali, n'kukagulitsa kwa mavenda chifukwa choti bokosi langa lagona."

"Si lanu bokosilo."

"Onse akuti ndi langa."

Gilibati anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaona kuti mkazi wake wachepa thupi, milomo yauma, ndipo maso ake amangothamangira pafoni ngakhale tsikulo ofesi inali yotseka.

"Tiyeni kwathu," anatero. "Tidzadya zomwe ndizipeza."

Felesiya anapukusa mutu. Anakumbuka mayi ake, omwe tsopano ankakhala nawo ku Mitundu, msana utatheratu m'zigafa za eni, ndi mmene ankauzira aliyense kutchalitchi kuti mwana wawo amagwira ntchito ya muofesi. Fulashi ija anaiika pansi pa chikwama, n'kulumbira mumtima kuti saikhudza.

Anapirira masiku ena angapo. Kenako tsiku lina masana makina osindikiza malisiti anatafuna pepala, makalaliki anamuitana, ndipo ali mkati molimbana nawo foni yake inathima batire osazindikira. Belu silinalire. Seva inazima pomwe makompyuta onse anali mkati molemba. Ataidzutsa, pulogalamu ya matumba inakana kutseguka. Anayesa njira zonse zomwe ankadziwa. Zolembedwazo zinali zitaonongeka. Anathamangira ku zosunga zapadera zomwe seva inkayenera kukopera yokha tsiku ndi tsiku, n'kupeza kuti chiyambire kuzimazima kuja kukoperako kunkadukira panjira. Zabwino zomwe anapeza zinali zakale ndi sabata yathunthu.

Kulemera kwa matumba kukanatha kulembedwanso kuchokera pa malisiti a alimi. Koma zotsatira za kuyeza chuku zinali mu seva mokha. Mulu wonse wa sabata imeneyo, wofika kudenga, unasanduka mtedza wopanda mbiri, womwe kampani yogula ija sikanaulandira pokhapokha thumba lililonse litatsitsidwa n'kuyezedwanso.

Nkhani inatuluka panja msanga ngati moto wa m'tchire. Anthu anadzaza pakhomo. Wina anafuula kuti a muofesi afufuta dala kuti abe. Wina anaponya chibuma chomwe chinaphwanya galasi la zenera. Bambo Fanuel anakwera pa ngolo yawo n'kukweza manja kuti anthu adekhe. Bambo Kamwaza anakokera Felesiya m'kachipinda ka seva n'kutseka chitseko.

"Calvin anandiimbira. Akuti anakupatsa mankhwala ake."

"Bwana, n'chakuba chija. A kampani akabwera kudzayendera adzaona."

"A kampani amayang'ana makoswe ndi chinyezi, sayang'ana za m'bokosi. Ukumva phokosolo? Ukufuna atiotchere muno? Ika chinthucho."

"Ndiye mundilembere kuti mwandituma ndinu."

Bambo Kamwaza anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Ine sindilemba kanthu. Iwe ndiye katswiri. Ndikutuluka kukalankhula ndi anthu, ndipo ndikawauza kuti mawa makina ayenda tsiku lonse. Ukandichititsa manyazi, usadzabwerenso."

Anatsala yekha ndi bokosi long'ung'udza lija. Panja mayi wina ankalira mokweza, akutchula za feteleza ndi fizi ya ana. Felesiya anagwada pasimenti kuti apemphere. Anangoti, "Ambuye, mukuona nokha." Anapisa m'chikwama, natulutsa fulashi, n'kuilowetsa. Ntchito yake inali yaifupi kuposa kufunyulula chitenje. Timawu ta pakona tinafufutika. Anakhala pamenepo akuyang'ana wotchi ya pakhoma mpaka ola linakwana n'kupitirira. Seva sinazime.

Masabata otsatira ntchito inayenda ngati madzi. Mzere unkatha dzuwa likadali m'mwamba, mavenda anatsitsa masikelo awo n'kusamukira kwina, ndipo alimi omwe anamutukwana aja anayamba kumupatsa moni wa manja awiri. Mayi wina anamubweretsera mbatata. Bambo Kamwaza anamutamanda pamaso pa komiti kuti ndi mwana wanzeru. Felesiya ankangomwetulira. Nthawi zina ankaona timagetsi ta seva tikuphethira mofulumira pomwe panalibe aliyense akugwira ntchito, ndipo mabandulo a intaneti a ofesi ankatha msanga kuposa kale. Ankadziwa tanthauzo lake: chinachake m'bokosimo chinkalankhula ndi anthu akutali omwe iye sankawadziwa. Anayesa kuchisaka, osachipeza. Kuti achotse kapulogalamu kaja, kuzima kukanayambiranso. Anali ngati munthu wogwira njoka kumutu, woti kuitaya sangathe, kuisunga sangathe.

Oyendera anabwera nyengo yogula ili kumapeto. Anali mayi Edith Chimbalanga a ku kampani yogula ija, mayi wamagalasi, wolankhula motsitsa. Anayendera nyumba ya matumba, anapisa dzanja mumtedza, ananunkhiza, anayang'ana m'makona ngati muli ndowe za makoswe. Bambo Kamwaza ankawatsatira akuseka pa chilichonse. Kenako mayiwo anati, "Tsopano tione kumene mumasunga mbiri ya matumba."

M'kachipindamo munali mothina moti atatuwo anachita kugundana mapewa. Mayi Chimbalanga anapempha umboni wa laisensi ya seva ndi ya makompyuta olowamo. Bambo Kamwaza anati mapepala anapita ndi a bungwe. Mayiwo sanatsutse. Anakhala pampando, anataipa kwa kanthawi, n'kuvula magalasi.

"Seva iyi yanamizidwa kuti ili ndi laisensi. Muli kapulogalamu kobera. Anaika ndani?"

"Mayi, ine za makompyuta ndi mdima," anatero bambo Kamwaza mofulumira. "Amene amagwira muno ndi uyu. Ine ndikudabwa ngati inu nomwe."

Felesiya anawayang'ana. Iwo ankayang'ana denga. Kenako Felesiya anatembenukira kwa mayi Chimbalanga.

"Ndinaika ndine. Inkazima ola lililonse, alimi ankagulitsa kwa mavenda, zolemba zinaonongeka. Bwana anandiuza kuti ndiike."

"Bodza! Ndinakuuza liti? Pali pomwe ndinalemba?"

Mayi Chimbalanga anakweza dzanja kuti phokoso lithe. Analankhula kwa Felesiya, mopanda ukali, ndipo kufatsako n'komwe kunapweteka kwambiri. Anati ogula akunja amafuna chitsimikizo chakuti mbiri ya thumba lililonse sinasinthidwe ndi munthu. Seva yokhala ndi kapulogalamu kotere ili ngati nyumba yomwe kiyi wake ali ndi anthu osadziwika. Palibe angalumbire kuti zolembedwamo n'zoona. Anawonjezera kuti ngakhale akanaipeza ikadali yongolawa ija, nkhani ikanakhala yovutabe, chifukwa yongolawa siloledwa kuyendetsera bizinesi.

"Ndiye kuti kulikonse komwe ndikanalowera kunali kolakwika?" anafunsa Felesiya.

"Mukanatiimbira tsiku loyamba, mwina tikanakulolani kulemba pamanja kwa kanthawi. Sindikudziwa. Pano manja anga ndi omangika, mwanawe. Ndiyenera kulemba zomwe ndaona."

 Kuimbira kampani Felesiya anakuganizirapo kumayambiriro, koma bwana anati kutero n'kudziotcha wekha.

Kampani inaimitsa mgwirizano wa chaka chimenecho. Mtedza wonse wotsala m'nyumba ya matumba unalibe kopita. Msonkhano wa mamembala unachitikira pabwalo la ofesi, anthu atakhala pa matumba omwewo. Felesiya anaimikidwa kutsogolo kuti afotokoze. Anayesetsa. Anati pulogalamu sigulidwa ngati njinga. Chomwe munthu amagula ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo eni ake amakhalabe eni ake. Anati kopaletivi inapatsidwa bokosi, koma chilolezo cha zam'katimo sichinagulidwe n'kale lomwe.

Bambo Fanuel anaimirira atatsamira ndodo.

"Mwana wanga, undithandize, mwina ndakalamba. Ine khasu ndikagula kwa wosula, wosulayo sabwera m'munda mwanga kudzandilanda kuti nthawi yatha. Bokosili anatipatsa, tinavina, abusa anapemphera. Lero ukuti mwini wake ali kutsidya kwa nyanja, ndipo akhoza kulizimitsa ali konko?"

"Ndi momwemo, agogo."

"Ndiye anatipatsa chiyani?"

 Mkuluyo anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenako ena anayamba kufuula kuti nkhani isapotozedwe, wolakwa wavomera yekha. Felesiya anatchulanso kuti anatumidwa, koma bambo Kamwaza anali atayendera kale a komiti mmodzimmodzi m'makomo mwawo. Anthu otayikiridwa amafuna nkhope yoti ailoze, ndipo nkhope ya Calvin, ya bungwe, ya eni pulogalamu, zonse zinali kutali. Yomwe inali pafupi inali ya mwana wa tenanti wa ku Phalombe, wopanda mbale ndi mmodzi yemwe pagulupo. Manja ovomereza kuti achotsedwe ntchito anakwezedwa. Bambo Fanuel sanakweze lawo, koma izi sizinasinthe kanthu.

Tsiku lomwe Gilibati anabwera kudzatenga katundu wake, lole ya mavenda inali itaima pakhomo la kopaletivi, anyamata akuponyeramo matumba akuimba. Felesiya anakhala kumbuyo kwa njinga, matilesi atamangidwa kumsana kwake, ndipo anatembenuzira nkhope kwina mpaka anakhota kulowa msewu wafumbi. Anamva pambuyo pake kuti seva inazimitsidwa n'kuphimbidwa ndi chiguduli, kuti kopaletivi inabwerera ku zolemba pamanja, ndiponso kuti bambo Kamwaza adakali pampando.

Ku Mitundu anakhala miyezi osatuluka kwenikweni. Mayi ake sanamufunse kanthu, ankangomusendezera mbale. Makalata ofunsira ntchito omwe anatumiza mutauni sanayankhidwe, ndipo kumodzi komwe anamuitana anamufunsa chifukwa chomwe anachokera pa Nathenje. Ananena zoona, ndipo sanamuitanenso. Mvula itagwa mafuta anasowa, njinga ya Gilibati inkakhala masiku pamzere wa pa filing'i siteshoni, ndipo pakhomo panayamba kugona njala. Felesiya anagwira ganyu wopalira m'minda ya anthu, manja omwe anazolowera kiyibodi akuchita matuza.

Chakumayambiriro kwa chaka anamva kuti sukulu ina yapulaiveti yomwe inkatsegulidwa pafupi ndi msika ikufuna munthu wosamalira makompyuta. Anasita dilesi yake yabwino n'kupita. Mwini sukuluyo, bambo Lovemore Chatsika, anamulandira ndi manja awiri, namuonetsa chipinda cha makompyuta ogulidwa kale kwa ena, ndi seva yaing'ono yosungira mayeso ndi mayina a ana. Felesiya anapempha kuti aiyatse. Anawerama, nayang'ana, ndipo anaona zizindikiro za kapulogalamu kobera ngati kaja ka pa Nathenje.

"Bwana, laisensi ya seva iyi muli nayo?"

Bambo Chatsika anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Laisensi? Kuno ku Mitundu? Mnyamata wina wa mutauni anandikonzera, akuti siidzavuta mpaka kalekale."

"Alipo mapulogalamu ena oyendetsa seva omwe ndi aulere mwalamulo. Ndingawaphunzire bwino, n'kusamutsira zonse kumeneko. Zingatenge kanthawi, koma mungagone tulo."

"Mayi, sukulu itsegulidwa Lolemba. Zinthu zikuyenda, musazigwedeze. Pali anthu ena atatu akufuna ntchito yomweyi. Mukuifuna kapena ayi?"

Felesiya anayang'ana pazenera. Kutsidya, pamsika, amayi ankayala tomato pa ziguduli, ndipo ngolo ya makala inkadutsa pang'onopang'ono. M'mawa umenewo Tadala anali atamwa madzi otentha a shuga okha. Anafuna kunena zambiri, za Nathenje, za lole ya mavenda, za chomwe chimachitika tsiku lomwe wina wabwera kudzafunsa. 

"Ndikuifuna, bwana," anatero. "Koma ndikupempha chimodzi. Mundilole nditenge kompyuta yakufa ili pakonayo, ndiziyeserapo yaulere ija ndikaweruka."

Bambo Chatsika anakweza mapewa. Anati atenge, bola asawavutitse nazo. Anamupatsa makiyi a chipindacho, ndipo Lolemba Felesiya anayamba ntchito.